Corolla yomwe inkamisa dzuwa likakwera: momwe tinafikira pa kompyuta, ndi chomwe chinaipha

Galimotoyi ndi Toyota Corolla NZE121 ya 2003, injini 1NZ-FE ya malita 1.5, giyabokosi ya otomatiki. Inalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan itayenda kale, ndipo pano imanyamula anthu pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Mwini wake ndi mayi wina wa geni ya nsomba, woyendetsa ndi mwana wa mlongo wawo. Inafika pa galaja yathu pa Nchalo mu Okutobala 2023. Dandaulo linali loti m'mawa imayenda bwinobwino, koma ikangokwana cha m'ma 11 koloko imayamba kumisa, kutanthauza kuti injini imalira modukizadukiza, ikaima pa siteji imanjenjemera thupi lonse, ndipo ukaponda mafuta imachita kukoka miyendo. Kukayamba kuzizira madzulo imabwerera mwakale. Petulo inkamwa moti ndalama ya tsiku inkathera pa filing'i siteshoni.

Isanabwere kwathu inali itadutsa m'manja angapo. Anasintha mapulagi onse anayi, makoyilo awiri, pampu ya mafuta, n'kutsukanso sensa ya mpweya. Womaliza kuigwira anangoti kompyuta bokosi, yomwe imalamulira injini, yapsa, ndipo mayiwo anafika ali ndi chigamulo chimenecho m'manja.

"Amisiri, ingondiuzani mtengo wa kompyutayo. Ndatopa nayo galimoto imeneyi."

"Mayi, mwina ndi yomweyo ndithu, koma tandisiyirani kaye ndiione ikudwala. Kompyuta ikangotuluka mu shopu, wogulitsa sailandiranso."

Sindinawakanire zoti ndi kompyuta, chifukwa nthawi imeneyo ndinalibe umboni uliwonse. Koma magalimoto ambiri amene amabwera atauzidwa mawu amenewa timakapeza kuti ndi waya wa ethi (wobwezera moto ku negetivi ya batire) wodya dzimbiri, rilei (kaswitchi koyendera magetsi) yotopa, kapena waya wodyedwa ndi khoswe. Kompyuta ya Denso ya m'magalimoto a zaka zimenezi siifa yokha kawirikawiri. Ikafa, ndiye kuti pali chomwe chaipha, ndipo ukaika ina osachipeza chimenecho, nayonso ipita momwemo.

Mmawa mwake injini inkalira mosalala, ndiye ndinayamba ndi zoyeza zosafuna kuti vuto lioneke. Batire linali pa mavolti 12.5 injini itazima, 14.1 ikulira, kutanthauza kuti olutaneta ilibe mlandu. Makina oyezera ndinawalumikiza pa soketi ya mapini 16 ya pansi pa chiwongolero, ndipo analankhulana ndi kompyuta popanda vuto. Apa pofunika kuchenjera: timakina totchipa tolumikiza ku foni nthawi zambiri timakana kulankhula ndi ma Toyota a ku Japan a zaka zimenezi, ndiye munthu amaona kuti "palibe kulumikizana" n'kunena kuti kompyuta yafa, pomwe vuto ndi kamakina kakeko. Ngati ulibe makina abwino, ukhoza kulumikiza pini 13 ndi pini 4 pa soketiyo ndi kawaya, kutsegula kiyi, n'kuwerenga kuphethira kwa layiti ya check engine.

Khodi, nambala yomwe kompyuta imalemba ikaona vuto, inalipo imodzi yokha, P0171, yomwe imanena kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuyerekeza ndi mafuta. Makinawo anaonetsanso kuti kompyuta inali itazolowera kuwonjezera mafuta ndi pafupifupi 18 pa 100 alionse. Amene anasintha pampu ankatsatira khodi imeneyi, ndipo sindingawanene kwambiri, popeza pampu yotopa imabweretsadi P0171. Chomwe sanachite ndi kuyang'ana mapulagi atagwira ntchito kwa masiku. Nditawamasula, ya silinda 1, 2 ndi 4 inali yakuda ndi mwaye, koma ya silinda 3 inali youma, yoyererako. Pampu ikafooka imamana masilinda onse mofanana, siingadyetse atatu mpaka kuda n'kusiya imodzi ili mbee.

Kumvetsa kwake n'kotere. Sensa ya okosijeni yomwe kompyuta imadalira posakaniza mafuta imanunkhiza utsi wa masilinda onse anayi utasakanikirana kale. Silinda imodzi ikamangopopa mpweya wopanda petulo, sensayo imaona okosijeni wochuluka, kompyuta n'kuwonjezera mafuta kwa onse. Atatu abwinowo amakhuta mopitirira, yachinayiyo ili ndi njala yake yomweyo. Apa m'pamene pankapita petulo wa mayi aja.

Cha kumasana tinaiika padzuwa, magalasi otseka, injini ikulira. Kuchigwa kuno mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye m'kati mwa galimoto yotseka mumakhala zina. Sipanatenge nthawi, inayamba kumisa. Ndinazula soketi ya koyilo imodziimodzi: pa 1, 2 ndi 4 injini inkafuna kuzima, pa 3 panalibe kusintha kulikonse. Ndinasinthanitsa koyilo ya 3 ndi ya 1, pulagi chimodzimodzi, vuto linakhalabe pa 3. Moto wa pulagi unalipo, wabuluu, wamphamvu. Komanso pa injini iyi koyilo iliyonse imabweza uthenga ku kompyuta kudzera pa waya wa IGF kunena kuti yathetheka, ndipo uthengawo ukasowa pa silinda 3 kompyuta ikanalemba P1310. Sinalembe. Ku ekizozi sikunkamveka fungo la petulo wosapsa lomwe limamveka moto ukasowa. Kompuresheni inali yofanana pa masilinda onse.

Ndinatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injekita, kachipangizo kopopera petulo mu silinda, chogwirira pa khutu. Pa 1 kunkamveka thi thi thi mosadukiza, pa 2 ndi 4 chimodzimodzi. Pa 3 kunali zii. Ndinamupatsa mnyamata woyendetsayo kuti amve yekha.

"Madala, ndiye injekita yafa? Tigule ina basi."

"Dikira kaye mphwanga. Injekita siitseguka yokha, imachita kuuzidwa. Tione ngati ikuuzidwa."

Injekita ili ndi mawaya awiri. Mmodzi amabweretsa mavolti 12 kiyi akatsegulidwa, winayo amapita ku kompyuta, ndipo kompyuta ndi yomwe imamugwetsera ku ethi kwa kanthawi kochepetsetsa kuti injekita itseguke. Ndinayeza injekitayo idakali yotentha, inapereka pafupifupi ma ohm 14, mofanana ndi zinzake. Kuyeza ili yotentha n'kofunika, chifukwa injekita yomwe imachita shoti ikatentha imawotcha mbali ya kompyuta yomwe imaiyendetsa, ndipo ikhoza kuwotchanso yatsopano. Mavolti 12 ankafika pa soketi. Nditaika kababu ka LED pakati pa mawaya awiriwo, pa silinda 1 kankaphethira, pa 3 sikanayake n'komwe. Injekita inali yamoyo, inkangosowa lamulo.

Zotsala zinali ziwiri, waya kapena kompyuta. Ambiri amathamangira pomwepa, koma waya ndi wotchipa ndipo amaduka kawirikawiri kuposa kompyuta, makamaka kuno komwe makoswe amalowa mu boneti galimoto ikagona pafupi ndi nkhokwe kapena munda wa nzimbe. Pa Corolla iyi kompyuta ili m'kati, kuseri kwa kabokosi kosungira mapepala kutsogolo kwa mpando wa pasinjala. Nditazimitsa kiyi ndinazula masoketi ake n'kuyeza waya wa injekita 3 mpaka pa pini yake, yomwe pa mapu a mawaya a Toyota imalembedwa #30. Mita inalira. Koma kulira kwa mita sikundikwanira, chifukwa waya atatsala ndi kaulusi kamodzi mita iliranso. Ndinadutsitsa moto wa babu la hedilayiti mu waya yemweyo, mbali zonse ziwiri zili zozula, babu linawala mokwanira, ndipo mnyamata wanga atagwedeza mtolo wa mawaya kuchokera pa injini mpaka pomwe umalowera m'kati, silinaphethire. Wayayo sankakhudzana ndi ethi kapena ndi wina wa moto.

Kenaka zakudya za kompyutayo. Pini ya BATT inali ndi moto nthawi zonse, ya +B inkalandira kudzera pa rilei ya EFI kiyi akatsegulidwa. Ma ethi ake, E1, E01 ndi E02, ndinawayeza injini ikulira, kuchokera pa pini kupita pa tamino ya negetivi ya batire, ndipo onse anali pansi pa volti 0.1. Pini ya VC inkatulutsa mavolti 5 osagwedera. VC imeneyi ndi msampha wina womwe wagulitsa makompyuta ambiri opanda chifukwa: sensa imodzi ikachita shoti n'kugwetsa mavolti 5 amenewa, kompyuta imakhala ngati yafa, layiti ya check engine siyaka, makina salumikizana, galimoto siilira. Ukazula sensa yolakwayo zonse zimadzuka. Apa sizinali choncho. Nditabaya kumbuyo kwa soketi pa pini #30 penipenipo injini ikumisa, lamulo silinkatuluka m'bokosimo.

Ndinafunabe umboni woti ndingawaonetse mayiwo ndi maso, popeza ndalama zake si zochepa. Mmawa wotsatira kudakali kozizira tinatulutsa kompyuta pamalo pake n'kuisiya ikulendewera pa mawaya, injini ikulira bwinobwino. Ndinabwereka dirayala ya tsitsi pa saluni yoyandikana nafe n'kuyamba kuwuzira mpweya wotentha pa bokosilo. Patapita mphindi zochepa injini inayamba kumisa, kababu ka pa injekita 3 n'kuzima. Ndinatenga botolo la madzi oundana, kulikulunga mu jumbo ndi nsalu youma kuti lisadonthe, n'kuligoneka pa bokosi. Kababu kanayambanso kuphethira, injini n'kusalala. Tinabwereza mayiwo akuonerera. Dzuwa silinkavutitsa injini ayi, linkatenthetsa dashibodi, dashibodi n'kutenthetsa bokosi.

Makompyuta okhala m'kati ngati iyi samatidwa ngati aja okhala mu boneti, ndi chitsulo chomangidwa ndi tizisikuluwu basi. Nditatsegula, m'munsi mwa soketi imodzi munali dzimbiri lobiriwira lomwe linadya miyendo ya mapini angapo. Pa bolodi panali mzere woyera wosonyeza pomwe madzi ankayenda n'kuuma, ndipo mzerewo unkathera pa kachipangizo koyendetsa mainjekita. Mtovu wa pa mwendo umodzi unali wotuwa, wofumbutuka, wong'aluka mozungulira. Kukazizira mng'aluwo unkagwirana, kukatentha chitsulo chinkafutukuka n'kusiyana.

Kuchigwa kuno ukaona madzi mu kompyuta, funso loyamba ndi limodzi. Pambuyo pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, magalimoto ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje anamwa madzi a Shire, Mwanza ndi mitsinje ina.

"Mayi, galimotoyi inamirapo?"

"Ayi amisiri, olo kamodzi. Nthawi ya Freddy inali kumtunda kwa achimwene, pansi pa mtengo wa nimu. Ndi pomwe imagona masiku onse."

Anthu amabisa nkhani ya kumira, makamaka akamaganiza zodzagulitsa galimoto, ndiye ndinafufuza ndekha. Pansi pa kapeti panalibe matope. Njanji za mipando zinalibe dzimbiri, lamba nditamukoka mpaka kumapeto anali woyera. Galimoto yomira siibisika malo amenewa, dothi la Shire limatsalira ngakhale utatsuka motani. Mayiwo ankanena zoona. Koma chitsulo chogwira kompyuta chinali ndi dzimbiri kumtunda kwake, ndipo pa chikwama cha fani ya mpweya wa m'kati, chomwe chili pamwamba pang'ono, panali mikwingwirima ya madzi ouma. Madzi ankachokera kumwamba.

Tinachotsa mawaipa ndi pulasitiki ya m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Pansi pake pali ngalande yomwe imalandira madzi onse otsika pagalasi n'kuwataya m'mbali, kuseri kwa mamadigadi. Ngalandeyo inali yodzaza ndi masamba a nimu owola, njere zake, fumbi, ndi phulusa lakuda lija limagwa ngati mvula akamawotcha nzimbe nyengo yodula. Zonsezi zinali zitaumbika kukhala dothi lolimba moti tinkachita kukumba ndi sikuludiraiva, ndipo mabowo onse awiri otayira madzi anali otsekeka. Mu ngalande momwemo, mbali ya pasinjala, muli khomo lomwe fani imakokera mpweya wa panja. Tisanachotse dothilo ndinauza mnyamata kuti athire ndowa ya madzi pagalasi ine nditagona chagada pansi pa dashibodi ndi tochi. Madzi anadzaza ngalande, kusefukira m'khomo la fani, kutsika ndi mtolo wa mawaya, n'kuyamba kudontha ndendende pomwe pamakhala soketi ya kompyuta. Mvula iliyonse yamphamvu inkachita zimenezi, ndipo ya Freddy inagwa masiku otsatizana. Woyendetsa anavomera kuti nthawi ya dzinja apasinjala a kutsogolo ankadandaula kunyowa mapazi, iye n'kumaganiza kuti ndi labala ya chitseko.

Pocheza anatchulanso kuti akafuna kudziwa ngati olutaneta ikutchaja amazula tamino ya batire injini ikulira. Sizimene zinapha kompyuta iyi, koma ndinamuletsa pomwepo. Batire ndi lomwe limameza kulumpha kwa mavolti, ukalichotsa kulumphako kumakathera mu kompyuta. Kuwotcherera galimoto batire lili lolumikiza ndi kusemphanitsa matamino pojampa n'zoopsa chimodzimodzi.

Funso lotsatira linali lokonza kapena kusintha. Ndinatsuka bolodi ndi spiriti ya zamagetsi ndi kaburashi n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Chikanakhala mng'alu wa mtovu wokha ndikanawotcherera, ndipo ndachitapo zimenezo pa ena. Koma dzimbiri linali litalowa pansi pa kachipangizoko, timizere tiwiri ta kopa tinali titadyeka, mapini a soketi ataonda. Bolodi lotere likhoza kudzuka lero n'kudzafa mwezi wamawa pakati pa Sorgin ndi Bangula galimoto itadzaza anthu. Ndinawauza mayiwo kuti kukonza ndingayese, koma sindingaikepo dzina langa. Anasankha kusintha.

Pogula kompyuta yakale chomwe chimalamula ndi nambala ya pa chikwangwani chake. Pa iyi inayamba ndi 89661, kutsatira manambala ena asanu, ndipo asanuwo ndiwo amasiyanitsa. Mabokosi a Corolla ya 1.3 ya injini ya 2NZ-FE, ya manyuwo, ndi ya mawilo onse anayi amaoneka ofanana ndi maso. Pa galimoto iyi bokosi lomwelo ndi limene limasinthanso magiya a otomatiki, ndiye ukalakwitsa nambala injini ikhoza kulira koma magiya n'kumalowa mwachilendo, kapena mafuta n'kusokonekera. Ndinaonetsetsanso za imobilaiza, chitetezo choletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo. Kiyi wa galimotoyi ndi chitsulo chabe, alibe kachipu, monga ma Corolla ambiri a ku Japan a nthawi imeneyo, ndiye bokosi la nambala yofanana limangolowa. Kiyi akakhala wa kachipu nkhani imasintha: umagula bokosi pamodzi ndi kiyi ndi zonse zowerengera kiyiyo, apo ayi upeze wodziwa kuzilembetsa.

Ndinapita ndekha ku Blantyre ndi bokosi lakale m'chikwama. Wogulitsa woyamba ananditulutsira la 2NZ-FE n'kulumbira kuti ndi zimodzimodzi, "zimalowa zonse izi, bwana." Ndinamusiya. Kwa wachiwiri nambala inafanana, koma ndinapempha kutsegula ndisanalipire, chifukwa Freddy anamizanso magalimoto ambiri mu Blantyre momwemo ndipo zida zake zinathera pa msika. Loyamba lomwe tinatsegula linali ndi kafumbi kofiira m'makona ndi tizisikuluwu ta dzimbiri. Lachiwiri linali loyera, vanishi wa pa bolodi akuwala, mapini owongoka. Tinagwirizana kuti likakana ndibweza, ndipo ndinalemba chizindikiro changa pa chivundikiro iye akuona kuti pasadzakhale mkangano.

Bokosi latsopano silinalowe mpaka titamaliza za madzi. Ngalande tinaikumba, kuitsuka, kubowola mabowo otayira ndi waya mpaka madzi akutuluka kuseri kwa mateyala, n'kumata mphepete mwa khomo la fani pomwe labala inali itauma. Tinathiranso ndowa zingapo, pansi pa dashibodi panakhala pouma. Soketi ya mbali ya mawaya nayo inali itadwala: timano tiwiri tinali tobiriwira ndi tomasuka, ndipo kulowetsa soketi yotero mu bokosi labwino n'kulipatsira matenda. Ndinatidula n'kuika tina tochokera pa mtolo wakale, kuwotcherera ndi mtovu n'kuvala tichubu tofinya ndi moto, osati kungopota ndi tepi. Mtolowo ndinaupinda kuti utsike pang'ono usanakwere kulowa mu bokosi, kuti dontho likadzabwera lizigwera pansi. Zonsezi tamino ya negetivi ili yozula.

Titabwezera batire, layiti ya check engine inayaka potsegula kiyi n'kuzima injini italira. Poyamba aidulo, kulira kwa injini usanaponde mafuta, inali yokwera pang'ono, zomwe zimachitika kompyuta ikamaphunzira injini yachilendo, ndipo inakhazikika injini itatentha n'kuyenda pang'ono. Mapulagi tinawatsuka n'kuwabwezera popeza anali atsopano. Tinabwereza dirayala ija pa bokosi latsopano, palibe chinasintha. Masana ake tinainyamula anthu anayi, kudutsa Dyeratu, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, n'kukwera mtunda wa Thabwa dzuwa lili paliwombo, makina ali cholumikiza. Magiya ankalowa pa nthawi yake, injini sinamise, kuwonjezera mafuta kuja kunatsika n'kumasewera pansi pa 5 pa 100, P0171 sinabwerenso.

Pali chimodzi chomwe tinasiya. Pa makina sensa ya okosijeni inkaoneka yaulesi, inkachedwa kusintha, mwina chifukwa cha mwaye wa miyezi yonse ija. Mayiwo anati ndalama zatha, ndipo popeza siinkabweretsa khodi tinagwirizana kuti tidzaiyezanso pa sevisi yotsatira, mvula isanayambe, tsiku lomwe tidzatsegulenso pulasitiki ya pansi pa mawaipa. Pampu yakale yomwe anaichotsa popanda mlandu inali idakali mu buti, nditaiyeza inapezeka yabwino, ndiye ndinawauza aisunge. Za malo ogona galimoto, anati pabwalo pawo mthunzi ndi wa nimu womwewo basi, choncho mnyamatayo azisesa masamba m'munsi mwa galasi m'mawa uliwonse asanapite pa siteji.